Maso Ogona pa Chitsa cha Nachesi Wanu

Amayi anga,

Kodi mukupeza bwanji kumene muliko? Ife kuno tikudzuka. Mvula yatitsekera m'nyumba kuyambira dzana, msewu wa kumudzi sukupitika, ndiye ndati m'malo mongoyang'ana madontho pakhonde ndikulembereni. Papita zaka ziwiri chichokereni, ndipo nkhani zaunjikana. Zina ndi zokoma, imodzi ndi yochititsa manyazi, koma zambiri ndi mafunso amene ndinayenera kukufunsani mudakali pano.

Ndiyambe ndi zokoma. Malita, mzime wanu uja, anachira mu Novembala. Ndi mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Joakina. Akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi, ndendende inu mukapeza kuti nkhuku imodzi sinalowe m'khola. Malita ndi mwamuna wake ndiwo akukhala pakhomo panu. Achimwene a Domingo adakali kumalire, akuthandiza a malole pa zikalata za katundu, koma Loweruka lililonse amapalasa njinga kukaona mbumba yawo. Chimanga cha kumtsinje chinachita bwino chaka chatha. Cha kumtunda chinapita ndi kaufiti, munda wonse kufiira maluwa ngati tinachita kubzala. Nandolo yekha ndiye sanatichititse manyazi. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa tiana tiwiri, ndipo sinasiyebe khalidwe lake lolowa m'khitchini.

Ine ndidakaphunzitsa za ulimi ku sekondale ija ya pafupi ndi boma. Chatsopano n'chakuti nanenso ndabwerera pabenchi. Ana akatsekera ndimapita ku Lilongwe kukawonjezera maphunziro, ndi imvi zangazi. Kumeneko, m'kalasi, mwezi wa Ogasiti, n'kumene munandibwerera m'maganizo kuposa tsiku lina lililonse.

Mphunzitsi wathu wa za zomera ndi mayi wina wamfupi, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Tsiku limenelo analowa atanyamula zitini ziwiri, chilichonse muli nyemba yomera. Ina inali yaitali, yowongoka, phesi limodzi. Inayo anali ataitsina nsonga masiku angapo m'mbuyomo, ndipo inali itatulutsa nthambi ziwiri m'mbali. Anatifunsa kuti nthambizo zachokera kuti, nanga zinali kuti nthawi yonseyi. Anzanga anayamba kutsegula mabuku. Ine ndinangoona inu mutawerama m'munda wa kumtsinje, mukutsina nsonga za maungu ndi chikhadabo n'kumaziponya m'chitenje. Munkati, "Dzungu ukalisiya ndi mutu wake limakabereka kwa eni." Masiku onsewo ine ndinkayesa mukungofuna nkhwani wofewa.

Ndiyesa kukufotokozerani zimene anatiuza. Pa mfundo iliyonse, pamene tsamba lagwirana ndi phesi, pamakhala kadiso, ngati maso aja a nzimbe kapena a mbatatesi. Kadisoko ndi nthambi yathunthu yopindidwa, ili kale ndi timasamba take, koma ili m'tulo. Siyakufa ayi, ndipo pa mtengo ikhoza kugona choncho zaka zambiri pansi pa khungwa. Chimene chimaigoneka ndi nsonga. Timasamba tanthete ta kunsonga timapanga mankhwala akeake a chomeracho, amene ophunzira amawatcha mahomoni. Homoni ya kunsongayi dzina lake ndi okisini, ndipo imatsika ndi phesi osalekeza. Ikamatsika, maso a m'munsi sadzuka. Inu potsina nsonga munkatseka kasupe wake.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti okisiniyo salowa m'diso momwemo. Amangodutsa pakhomo n'kutuma anzake. Pali homoni ina yodzutsa maso, ndipo okisini akachuluka imeneyi imachepa. Pali inanso yochokera makamaka kumizu, imene imakwera kukauza maso kuti agonebe, ndipo imeneyi okisini amaichulukitsa. Ndiye palinso shuga. Nsonga njadyera, chakudya chimene masamba apanga chimathamangira kwa iyo. Ikachoka, shugayo amasefukira m'maso a m'mbali, ndipo mphunzitsi wathu anati mwina ndiye amayamba kugogoda, mahomoni asanadziwe n'komwe kuti nsonga yapita. Anavomera kuti pamenepa akatswiri adakatsutsana. Zinandikomera kumva kuti nawonso pali pamene amakanda m'mutu.

Homoni ya kumizu ija ili ndi dzina lalitali lopinda lilime, koma analitenga kwa kaufiti wathu yemweyu. Nthaka ikatopa, mizu imapanga homoniyi yochuluka. Ina imakwera kukaletsa nthambi, poti chomera chanjala sichingadyetse nthambi zambiri. Ina imatulukira m'dothi kukaitana bowa wina wosaoneka ndi maso, amene amathandiza mizu kupeza chakudya. Tsoka lake, njere za kaufiti zimene zagona m'dothimo zaka nazonso zimamva kuitanako, n'kudzuka, n'kukakamira mizu ya chimanga. Mukukumbukira mmene munkakanganirana ndi abambo za munda wa kumtunda? Iwo ankati alipo anatiponyera. Inu munkati kaufiti satsata mfiti, amatsata nthaka yotopa, tiyeni tithiremo manyowa a mbuzi. Munkanena zoona. Kodi munadziwa bwanji, inu amene sukulu munangoilawa zaka ziwiri, ya Chipwitikizinso?

Kenako panabwera nkhani ya majini. Musagwire korona yanu yopempherera, si majini ogwira anthu aja. Awa ndi malangizo a chibadwa olembedwa m'kati mwa chamoyo chilichonse, omwe achititsa kuti Joakina wamng'ono atenge mphumi yanu. M'kadiso kalikonse muli jini ina imene ndingaiyerekeze ndi mpiringidzo wa chitseko. Siili yokha, koma ndiyo yodziwika kwambiri. Mauthenga a kunsonga, a kumizu, a shuga, ngakhale a mthunzi wa chomera choyandikana nacho, ambiri amakathera pa iyo. Ikalimba, diso silitseguka. Ikafooka, nthambi imatuluka. Anationetsa chithunzi cha kholo la chimanga, udzu wa kutchire wa kudziko lakutali, wa nthambi zambirimbiri ngati tsache, tingala take tochepa ngati chala. Alimi akale, posankha mbewu chaka ndi chaka, ankasunga za phesi limodzi ndi ngala yaikulu, osadziwa kuti akulimbitsa mpiringidzo umenewo. Ndinafuna kuimika dzanja kuti ndiwauze anzanga kuti amayi anga nawonso ankasankha mbewu choncho, atakhala pamphasa pafupi ndi nkhokwe, koma ndinaopa kusekedwa.

Zonsezi ndinazilemba m'kope kuti ndidzakhoze mayeso. Sindinadziwe kuti chaka chisanathe ndidzazifuna pa mtengo wanu wa manachesi.

Ndikunena wa kuseri kwa nyumba uja, umene inu simunautchulepo nachesi, munkati tanjarina monga kwanu. Nkhondo ya kwanu itatha munawoloka malire kupita ku Zobue kukaona ngati pakhomo pa agogo panatsala kanthu. Munapeza nyumba itagwa koma mtengo wa bambo anu uli chiimire. Munabwerako ndi kanthambi kamodzi mutakakulunga m'nsalu yonyowa, ndipo mlangizi wina anachotsapo diso limodzi n'kulilowetsa pansi pa khungwa la kamtengo ka mandimu. Ine ndinali kamtsikana, ndinagwirizira nawo pulasitiki yomangira. Choncho mtengowo ndi iwiri pamodzi. Mizu ndi tsinde la pansi ndi ndimu, kuyambira pachipsera kupita m'mwamba ndi nachesi wa agogo. Wa ku Zobue uja amalume anatiuza kuti unauma kalekale. Manachesi m'Mwanza muno ndi ambiri, nthawi yake amachita kuwolera m'mbali mwa msewu, koma a khungu lopyapyala, otsekemera ena onse adakali owawasa, ngati amenewo sindinawalawepo kwina.

Sabata imene Malita anali kuchidikiro ku chipatala cha pa boma, kunabwera chimphepo cha mvula yoyamba. Bulugamu uja anabzala abambo kumalire a bwalo anazuka n'kugwera pa mtengo wanu, kuuthyola cha m'chiuno mwa munthu. Alamu, mwamuna wa Malita, anali okha pakhomo. Anachita zimene munthu aliyense akanachita. Anadula bulugamuyo pamodzi ndi nthambi za nachesi, kuziwaza nkhuni, masamba mbuzi zinadya. Tonse mitima inali pa Malita ndi khanda, ndipo ine ndinamva za mtengo patapita masabata awiri. Ndikanamva tsiku lomwelo ndikanathamanga kukadula tinthambi taliwisi n'kumezanitsa maso ake pa mandimu ena. Pamene ndinkafika zonse zinali zitauma pamulu wa nkhuni. Ndinatola kanthambi kamodzi, kukakanda ndi chikhadabo kufuna kuona ngati m'kati mudakali mobiriwira, koma kanangothyoka.

Chinatsala ndi chitsa chong'ambika pamwamba. Achimwene anati chizulidwe. Banja la Malita likukula, akufuna kumanga khitchini yabwino, malo ake ndi pomwepo, ndiponso chitsa chouma chimaitana chiswe pafupi ndi nyumba. Anali ndi mfundo, ndipo ndiwo eni mbumba. Ndinawapempha kuti andipatse mpaka kumapeto kwa Januwale. Ndinawauza za maso ogona pansi pa khungwa, kuti popeza nsonga zonse zapita palibenso chowagoneka. Anandiyang'ana ngati ndikuwawerengera nthano, koma analola. Ndinabwereka sowo, kudula pong'ambika paja mopendeketsa kuti madzi asamaimepo, n'kupaka chitsa chonse laimu kuti dzuwa lisawotche khungwa. Achimwene anati tsopano pakhomo pali manda awiri oyera, anu ndi a mtengo, ndipo Malita anawadzudzula.

Pakati pa Disembala Malita anandiimbira foni ali chisekere, ati mtengo wa amayi wadzuka. Ndinapita Loweruka lotsatira. Ndinapeza mphukira zoposa khumi, zonenepa, zina zitafika kale m'bondo, kunsonga kofiirira, masamba aakulu, minga ngati singano. Zonse zinali zochokera pansi. Ndinadziwa pomwepo kuti amene wadzuka ndi ndimu. Pamwamba, pamene ndinkayembekezera, khungwa linali zii.

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kuimbira mphunzitsi wanga uja. Anandimvetsera mpaka kumaliza. Anati mphukira imene yayamba kudzuka imasanduka nsonga yatsopano, imakokera chakudya kwa iyo n'kuyamba kutumiza okisini wakewake, ndipo maso amene achedwa akhoza osadzukanso. Ndimu ndi wamphamvu kuposa nachesi, n'chifukwa chake amamuika pansi. Ndikazisiya ndidzakhala ndi mtengo wathanzi wa mandimu. Ndikazichotsa, mwina maso a nachesi adzapeza mpata, koma mwinanso chitsa chidzatopa n'kufa chonse. Anandilangiza kusiya mphukira imodzi yoti izidyetsa mizu, koma ndiitsine nsonga. Sanandilonjeze kanthu.

Kenako ndinayang'ana pa thunthu, ndinaona chotupa china chozungulira cha m'bondo, ndinati chipsera chija ndi chimenechi, chilichonse cha pansi pake ndi ndimu. Ndinagwada n'kuyamba kuthyola, kusiya imodzi yokha ya ndimu monga anandilangizira. Malita anali pakhonde akuyamwitsa. Ndikumalizitsa kamphukira kotsiriza, kakang'ono, kamene kanali kokhakokha mbali ya kum'mawa, ndinamva njinga ikuima kumbuyo kwanga.

Achimwene anayang'ana masamba obiriwira ali mbwee pansi, n'kuyang'ana ine.

"Achemwali, mtengo wa amayi wadzuka wokha, inu mwabwera kudzaupha ndi manja anu?"

Ndinayamba kufotokoza za ndimu ndi nachesi, za chipsera, za nsonga yatsopano. Sanandilole kumaliza.

"Kaya ndimu kaya nachesi, unali wamoyo. Sukulu yanuyo ikalephera, amayi mukawauza ndinu."

Ndiye ndi pano, Amayi, ndikukuuzani, ndipo choipitsitsa sindinafikepo. Kamphukira kotsiriza kaja kanali kadakali m'manja mwanga pamene tinkakangana, ndipo mosaganiza ndinakaponya m'chikwama. Nditafika kunyumba kwanga pa boma, pofuna makiyi, ndinakatulutsa. Ndinaona kuti masamba ake ndi opyapyala, osongoka, obiriwira mpaka kunsonga, osiyana ndi anzake aja. Ndinafikisa tsamba limodzi pakati pa zala n'kununkhiza. Silinali ndimu. Linali fungo limene linkadzaza m'nyumba mwanu mwezi wa Epulo, ana akamasenda. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, chitseko ndisanatsegule.

Diso limodzi la nachesi linali litadzuka, ndipo ndinalithyola ndine, mphunzitsi wa za ulimi. Chotupa chija sichinali chipsera chomezanitsira. Ndinakumbukira mochedwa kuti pamenepo m'pamene munkamangirira mbuzi, chingwe chinadya khungwa zaka zambiri. Chipsera chenicheni chinali pansi kwambiri. Ndikanangonunkhiza ndisanathyole. Inu simunkathyola chinthu musanachinunkhize, ngakhale ndiwo za kutchire.

Khirisimasi sindinapite kumudzi. Ndinanamizira kuchonga mayeso. Malita anatumiza mawu kuti nkhuku yanga anandisungira mwendo, koma nkhope ya achimwene sindikanatha kuiyang'ana. Kamphukira kaja ndinakaika pakati pa masamba a kope langa la kusukulu, ndipo tsiku lililonse ndinkakatsegula ngati kasintha.

Nditalimba mtima ndinaimbiranso mphunzitsi wanga n'kumuuza zonse. Sanandiseke. Anati pa mitengo ya mtundu wa mandimu ndi manachesi diso silikonda kukhala lokha, pambali pa limene ladzuka nthawi zambiri pamakhala tina tating'ono tobisala, ndipo lalikulu likachoka nato timapeza mpata. Anati kuthyola kwangako kwasonyeza chinthu chimodzi chabwino, kuti mbali ya nachesi idakali moyo. Ndisakhudzenso pabalapo, ndipitirize kuchotsa za ndimu, ndidikire. Mmene ankalankhula ndinkamva mawu anu aja, mukamandipeza ndikufukula mbewu kuti ndione ngati yamera. "Pasiyensiya, mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chaka chatsopano chitalowa ndinapita kumudzi Loweruka, dala kuti ndikawapeze achimwene. Ndinawaitanira kuchitsa, ndinatulutsa kamphukira kouma kaja, ndinawauza kuti tsiku lija ananena zoona kuposa mmene ankadziwira. Ndinayembekezera mawu. Anakatenga, kukatembenuza, n'kukabweza. Kenako anangoti ndiwaonetse chipsera chenichenicho. Tinatunga madzi m'ndowa, kupalasa dothi la chiswe ndi zinyalala zimene zinaunjikana patsinde, kutsuka ndi chisanza. Chinaoneka, kamzere kozungulira, chikhatho chimodzi kuchokera pansi. Pansi pake khungwa ndi lina, pamwamba pake ndi lina. Zaka zonsezi timadya zipatso zake osayang'anapo.

Anandifunsa kuti munthu angasiyanitse bwanji mphukira zikadali zazing'ono. Ndinathyola tsamba la ndimu uja tinamusiya, kuwapatsa kuti afikise, kenako ndinawapatsa kachidutswa ka kouma kaja, kamene kanali kadakali ndi kafungo. Ananunkhiza uku, ananunkhiza uko. Anafunsanso mafunso ena amene sindinawayembekezere kwa iwo. Ngati diso lagona zaka makumi atatu, limadya chiyani? Nanga limadziwa bwanji kuti pamwamba pathyoka, poti lilibe makutu? Lina ndinayankha, lina ndinavomera kuti sindikudziwa. Pomaliza anati ntchito yochotsa za ndimu aziigwira iwo Loweruka lililonse, chifukwa ine manja anga ndi achangu. Sindinatsutse.

Malita ndiye ankandiuza zochitika. Ati achimwene akafika sankayambanso ndi moni, ankatsamiritsa njinga pankhokwe n'kulunjika kuchitsa. Ankagwada, kufikisa nsonga ya kamphukira kalikonse, kununkhiza, ndiye n'kuthyola. Anthu odutsa ankaima kuwayang'ana, bambo wamkulu wovala malaya a kuntchito akununkhiza chitsa ngati mbuzi. Ndimu sankatopa, sabata iliyonse ankatulutsa zina. Pamwamba pa chipsera panalibe kanthu. Loweruka loyamba linadutsa, lachiwiri, lachitatu. Alamu anali atayamba kale kututa miyala ya maziko n'kuiunjika pafupi. Januwale anatha. Nthawi imene ndinapempha inali itakwana, ndipo ndinalibenso pakamwa popemphera ina. Nawonso achimwene za nkhwangwa sanazitchule.

Lachiwiri la sabata yatha, nthawi yopuma kusukulu, foni inalira. Anali iwo. Ndinadabwa, poti si tsiku lawo lopita kumudzi. Anati anapempha kuchoka kuntchito chifukwa Malita anawauza kuti waona kanthu.

"Bwerani mudzanunkhize nokha. Mphuno yangayi sindikuikhulupirira."

Ana atangoweruka ndinakwera njinga yamoto, matope ali thoo. Ndinapeza chitsa atachizinga ndi mpanda wa minga wofika m'chifuwa, ndipo mbuzi yamawanga ikuzungulira kufuna polowera. Achimwene anandipatulira kampata. Pabala paja ndinathyola panali timphukira tiwiri, m'mbali mwa chilonda momwe, kena uku kena uko, totalika ngati chala cha Joakina. Kachitatu kanali pamwamba, pafupi ndi podula paja, kataboola laimu. Timasamba topyapyala, tobiriwira. Ndinatsina kansonga ka tsamba limodzi, kochepa ngati njere ya mapira, osakhudza mutu wa mphukira, n'kufikisa.

Ndi tanjarina wanu, Amayi.

Malita analulutira mpaka mwana anadzidzimuka. Achimwene sanaseke. Anakhala pa mulu wa miyala ya alamu uja n'kuyamba kulankhula akuyang'ana pansi. Anati atanunkhiza m'mawa uja anaona m'maganizo njira ya kumsewu, inu patsogolo ndi dengu pamutu, iwo pambuyo ndi lina, ndipo pofika pamthunzi munkawatsitsa n'kuwasendera nachesi limodzi, lalikulu koposa, ngakhale linali loyenera kupita pamwamba pa mulu kukakopa ogula. Kenako ananena chimene sindinachiganizepo miyezi yonseyi.

"Za khitchini zija ndinkangonena. Chinkandivuta n'kuchiona chitsacho Loweruka lililonse. Ndinkati bola chichoke, ndiiwale."

Ndinakhala nawo pamiyalapo mpaka mvula inayamba kuwaza. Alamu, amene nthawi yonseyi akhala akuyenda ngati munthu wolakwa chifukwa cha nkhuni zija, ananena okha kuti khitchini adzaimanga mbali ya kumadzulo, miyala adzaituta kachiwiri.

Pobwerera ndinali ndi mafunso ambiri kuposa popita. Maso pa chitsacho ayenera kukhala ochuluka, nanga n'chifukwa chiyani adzuka atatu okhawa, anzawo oyandikana nawo ayi? Kodi kachitatu kaja kanadikira kuti ndimu atope, kapena kanali ndi nthawi yakeyake? Mphunzitsi wanga akuti funso limeneli ngakhale iye amalifunsa. Anandiuzanso china chimene chandikhala m'mutu. Popeza mtengowu sunadutse m'njere, unangochoka diso kupita diso, majini ake ndi omwewo a mtengo wa ku Zobue. Si mwana wake kapena mdzukulu wake, ndi womwewo. Ndiye ndikufunsa, kodi agogo anautenga kuti? Anabzala njere, kapena nawonso anachita kupatsidwa diso ndi munthu wina? Nanga inu, nsalu yonyowa ija anakuphunzitsani ndani? Zaka zonse zija ndinakhala nanu pamphasa imodzi, ndinkakufunsani za mchere ndi sopo, izi osafunsa.

Sindikunamizeni kuti zatha. Timphukirato n'tanthete. Mbozi zimakonda masamba otere, mphepo ikhoza kutithyola polumikizira, ndipo mbuzi yanu sinataye mtima. Ndimu naye adakatulutsabe zake. Zipatso, ngati zidzabwere, ndi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Koma achimwene agula kale waya woti alowe m'malo mwa minga, ndipo Malita amayang'ana kunsi kwa masamba m'mawa uliwonse akamakatunga madzi.

Ine kusukulu ndafesa njere za mandimu m'timachubu, zamera zisanu ndi imodzi. Mphukira zanu zikadzakhwima n'kunenepa ngati pensulo, ndidzatengako maso ochepa n'kumezanitsa. Ndikulonjezani kuti mtengo umenewu sudzakhalanso umodzi wokha padziko. Wina udzakhala kwa achimwene, wina pakhomo panga, wina kumunda wa kumtsinje, ndipo wina tidzaubzala m'dzina la Joakina wamng'ono, kuti akamadzayamba sukulu azidzathyola yekha. Achimwene apempha kuti tsiku lomezanitsalo ndidzawaitane, akufuna mpeni adzagwire iwo, ine ndizingowauza podula.

Mupereke moni kwa abambo. Muwauze kuti bulugamu wawo tamukhululukira, nkhuni zake tikuphikirabe mpaka lero.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Felisita